Ufulu wa Thumba ndi Ufulu wa Pakamwa

Madzulo ena tikucheza pakhonde kwathu ku Area 10, mnzanga wamalonda anandifunsa kuti: "Achimwene, inu mumati boma lisamalowerere m'malonda athu. Nanga zinatheka bwanji kuti mu 1994 muvotere Chakufwa Chihana?"

Funsoli linandilasa mtima. Ndine mmodzi mwa anthu okhulupirira kuti boma lisakule mphamvu, misonkho ichepe, ndipo mlimi azigulitsa chimanga chake kumene wafuna, osati ku ADMARC kokha. Chihana anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, wofuna boma lotchinjiriza osauka. Pankhani ya chuma tinali osiyana.

Koma pa 6 April 1992 munthuyu anatsika ndege pabwalo la Kamuzu akudziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi chifukwa chofuna zipani zambiri. Ambiri mwa ife amalonda tinali duu. Apo ndinazindikira kuti ufulu wa thumba ulibe phindu pakamwa pakakhala potseka. Wondikwezera msonkho ndingakangane naye, n'kumuchotsa pachisankho. Wonditsekera ku Mikuyu ndingamutani?

Komatu si aliyense wolonjeza kudyetsa anthu amene ndingamuvotere. Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi a feteleza mu 2005, tinakolola, tinaomba m'manja. Pa zionetsero za mu July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Boma lokudyetsa limafulumira kuganiza kuti lakugula.

Ndinamuyankha mnzangayo kuti za msonkho tidzakambirana. Chimene ndimayamba kufunsa kwa aliyense wofuna mpando ndi ichi: ndikadzamutsutsa masana, kodi usiku ndidzagona kwathu?