Kamera yaing'ono sinena odi



Mkangano wa kamera yaing'ono ndi yaikulu sutha pakati pa ife achinyamata okonda kujambula. Wina amati ngati ulibe Canon kapena Nikon ya lenzi yaitali ngati mkono, fulashi ndi maambulera ake, usadzitche wojambula. Wina amati zonsezo n'zolemetsa chabe, kamera yabwino ndi yomwe ili m'thumba mwako, kaya ndi Tecno. Timakangana za mitengo, za ma megapixel, za batire. Koma pansi pa mkanganowu pagona funso la akhlaq lomwe sitilifunsa kawirikawiri: kodi munthu ali kutsogolo kwa lenziyo akudziwa kuti akujambulidwa? Nanga akanafuna kukana, akanatha?

Za hukumu ya kujambula pakokha, ma ulama anasiyana maganizo, ndipo imeneyo tiwasiyire ma Sheikh athu. Ine ndikuyankhula ndi ife amene tikujambula kale tsiku ndi tsiku, pa nikah, pa Eid, kusukulu, mumsewu.

Tiyambe ndi zipangizozo, mwachidule. Kamera yaikulu ili ndi ubwino weniweni, tisanamizane. Sensa yake ndi yotakata, ina imafika mamilimita 36 kwa 24, choncho imatola kuwala kochuluka ngakhale m'holo ya mdima magetsi atathima. Ukaikapo lenzi ya 85mm umaima patali, nkhope ya munthu imatuluka monga mmene ilili, kumbuyo kwake n'kufewa. Lenzi yaikulu ya foni ndi yotambalala, ndiye kuti nkhope idzaze chithunzi umayenera kuyandikira kwambiri, ndipo chomwe chili pafupi ndi lenzi chimakula. N'chifukwa chake pa selfie mphuno imaoneka ngati yabwereka ya wina. Koma Canon 5D Mark III yokhala ndi lenzi ya 70-200 imapitirira makilogalamu awiri, pamene kakamera ngati Ricoh GR III sikafika magalamu 300. Amene anakwerapo minibasi yodzadza pa msewu wa Midima kuchokera pa Mikolongwe kupita ku Limbe, chikwama cha zipangizo chili pamiyendo, akudziwa tanthauzo la manambala amenewa. Kamera yolemera imatsala kunyumba masiku ambiri. Yaing'ono imayenda nawe.

Kuyenda nawe kumeneko ndiye pomwe pali nkhani.

Kale, kujambulidwa chinali chinthu chokonzekera. Makolo athu amatiuza za ojambula a panjinga omwe ankayenda m'midzi: munthu ankasamba, kudzola mafuta, kuvala chovala cha pa Eid, n'kusankha yekha poima. Wojambula ankapita kukatsukitsa zithunzi m'tauni n'kubwera nazo patapita masabata. Palibe amene ankadzidzimuka atadzipeza pa chithunzi. Chipangizocho chinali choonekera, chochedwa, ndipo filimu inali yodula, ndiye mwini nkhope ndi amene anali ndi mawu.

M'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu muli chitsanzo chomwe dziko lonse likuchidziwa. Mu 1914, pa nthawi yotsegulira tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, John Chilembwe anajambulitsa chithunzi ataima ndi mzungu wina wa mishoni, John Chorley, chipewa chili kumutu. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankayenera kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chithunzi chimenecho sichinabedwe. Mwini wake anaima dala, anavala dala, akudziwa kuti chidzaonedwa. Patapita zaka zoposa 100, Samson Kambalu anachitenga n'kupangira chiboliboli chotchedwa Antelope chomwe chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022. Chilembwe anali m'busa wa Chikhristu, ife ndife Asilamu, koma phunziro la chithunzi chake ndi la aliyense wogwira kamera: munthu akapatsidwa mpata wokonzekera, amadzinenera yekha kuti iye ndi ndani.

Ku Bamako, dziko la Mali, kunali Seydou Keïta yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankagwiritsa ntchito kamera yaikulu ya pamiyendo, filimu yake ya masentimita 13 kwa 18, ndipo kawirikawiri ankatola kamodzi kokha pa munthu aliyense. M'situdiyomo ankasunga wailesi, wotchi, zovala, ngakhale njinga yamoto ya Vespa, kuti kasitomala asankhe chomwe akufuna kuoneka nacho. Wina anganene kuti kumeneko n'kunama, munthu kuima ndi wailesi ya eni. Ine ndimaona mwina. Anthu aja ankaonetsa mmene ankafunira kukumbukiridwa, ndipo wojambula ankawatumikira. Mukaona zithunzizo lero, palibe amene akuoneka wonyozeka.

Kamera yaing'ono inabwera ndi khalidwe lina. Leica itayamba kugulitsidwa mu 1925, zinatheka kujambula munthu asanazindikire. Henri Cartier-Bresson ankamata tepi yakuda pa zitsulo zowala za kamera yake kuti isaoneke. Walker Evans, pakati pa 1938 ndi 1941, ankakwera sitima za pansi pa nthaka ku New York kamera ataibisa m'jekete, lenzi ikusuzumira pakati pa mabatani, n'kumajambula anthu okhala moyang'anizana naye. Zithunzizo zinatuluka m'buku mu 1966, ndipo mpaka lero zimatamandidwa kuti zikuonetsa nkhope zenizeni, zopanda kudzikonza. Zokongola ndithu. Koma ndikaziyang'ana ndimadzifunsa: mayi wotopa uja, akuodzera pochokera kuntchito, anavomera liti kuti kutopa kwake kukhale chionetsero cha anthu a m'mayiko ena?

Ku madrassa tinaphunzira adabu ya kupempha chilolezo tisanadziwe n'komwe kuti lenzi n'chiyani. Surah An-Nur, ndime 27 ndi 28, imatiletsa kulowa m'nyumba za eni tisanapemphe ndi kupereka salaam, ndipo tikauzidwa kuti tibwerere, tibwerere. Palinso hadith ya mu Bukhari ndi Muslim yonena za munthu yemwe anasuzumira pa kabowo m'chipinda cha Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam). Mtumiki sanakondwere nazo, ndipo anafotokoza kuti lamulo lopempha chilolezo linaikidwa chifukwa cha diso. Taganizani bwino pamenepa. Chomwe chikutetezedwa si chitseko kapena mpanda ayi, ndi ufulu wa munthu wosaonedwa pa nthawi yomwe sanakonzeke. Ngati diso wamba, lomwe limaona n'kuiwala, linaikiridwa malire otere, nanga diso lomwe limasunga, kuchulukitsa ndi kutumiza ku magulu makumi awiri a WhatsApp dzuwa lisanalowe?

Pachikhalidwe chathunso timati odi, n'kudikira kuti atiyankhe. Kamera yaikulu, ifune isafune, imanena odi ndi thupi lake. Ukamaitulutsa m'chikwama, kuimika miyendo yake, kuyesa fulashi, aliyense waona. Mlongo amene sakufuna amatembenuka kapena kukonza hijab yake, agogo amati dikira ndimange kaye mpango. Foni sinena odi. Munthu amakhala ngati akuwerenga uthenga, kumeneko akutola.

Tinaziona mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kuno ku Chiradzulu. Zithunzi zina zinathandiza, chifukwa dziko linadziwa msanga kukula kwa ngoziyo ndipo thandizo linabwera. Koma m'mafoni munayendanso zithunzi za m'madera osiyanasiyana okhudzidwa zomwe sizinayenere kuyenda: matupi a anthu omwalira osafundidwa, amayi akulira zovala zitang'ambika. Ife amene timasambitsa maliro mobisa, kuveka sanda, ndi kuphunzitsidwa kuti wosambitsa asaulule zomwe waona, tinayenera kukhala oyamba kumva kuwawa. Wotumiza aliyense ankati akudziwitsa anthu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo sindikudziwa munthu amene angafune kuti chithunzi chomaliza cha mayi ake chikhale chimenecho.

Apa wina anena kuti ndiye basi, kamera yaikulu ndi ya ulemu, yaing'ono ndi ya akuba. Sizophweka choncho, ndipo mbali iyi ndi yomwe imandivutitsa kwambiri.

Odi wa kamera yaikulu nthawi zina amakhala ngati odi wa mfumu: umamumva, koma sungamukane. Pitani pamalo pogawa thandizo, kaya ndi ufa wa mu Ramadhan kaya nyama ya Qurbani. Pamakhala mnyamata wa lenzi yaitali, anthu ali pamzere, aliyense akuuzidwa kuti anyamule thumba m'mwamba ndi kumwetulira. Onse akudziwa kuti akujambulidwa. Koma ndani angati ayi, thumba lili m'manja mwa wojambulitsayo? Kudziwa kulipo, ufulu wokana palibe. Ndikumvetsa kuti mabungwe amafunika umboni woti apereke kwa omwe anapereka ndalama, ndipo imeneyo ndi amana yoona. Koma umboni ungathe kukhala matumba, manja, mzere wojambulidwa chakumbuyo. Surah Al-Baqarah ndime 264 imatichenjeza za kuononga sadaka ndi kukumbutsa komanso kupweteka wolandira. Nkhope ya bambo wa ana asanu pa Facebook, pansi pake atalemba kuti ovutika, ana akewo n'kumaiona kusukulu, ine ndimaiwerengera m'gulu la kupweteka kumeneko.

Kamera yaikulu imasinthanso woinyamula. Ukaikoleka m'khosi, pa nikah amakutsegulira njira, umadutsa kutsogolo kwa akuluakulu, nthawi zina mpaka mbali ya amayi popanda wokufunsa. Ulemu umenewo ndi wokoma, ndipo mtima umauzolowera. Pali anzathu amene amafuna chida chachikulu chifukwa ntchito yawo ikuchifuna, ndipo pali ena amene amafuna kuoneka nacho. Niya amaidziwa ndi mwini wake ndi Allah. Koma chikwama chimachitira umboni: chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo wophunzira kulowa ngongole ya lenzi yomwe adzaigwiritse ntchito kawiri pachaka ndi israaf, ngakhale titaitcha kuti investment.

Komanso tisaiwale kuti kuchepa kwa kamera kuli ndi chifundo chake. Mwana amene amalira akaona chilenzi chachikulu amaseka pa foni. Agogo amene amauma thupi ngati msilikali pamaso pa fulashi amacheza bwinobwino kakamera kali pamwendo pako. Malick Sidibé, wa ku Bamako konkuja, ankayenda ndi kamera yonyamulika m'macheza a achinyamata, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice. Kusiyana kwake ndi Evans n'koti Sidibé ankaitanidwa. Anthu ankamudziwa, ankamuyembekezera, kenako ankapita ku situdiyo kwake kukasankha zithunzi zawo. Kamera inali yaing'ono, koma sinali yobisika.

Ndiye ine ndasankha chiyani? Pa moyo wa tsiku ndi tsiku ndimayenda ndi chaching'ono, chifukwa thumba langa ndi la wophunzira ndipo msana wanga ndi umodzi. Munthu akafuna chithunzi chenicheni, cha nikah kapena chomaliza maphunziro, kamera yakale ya kaunjika ndi lenzi imodzi ya 50mm zimakwana, pamthunzi wa mtengo wa mango cha m'ma 4 koloko madzulo kuwala kutafewa. Koma posankha chaching'ono ndimadziwa kuti ntchito yomwe chida chachikulu chikanagwira ndi kukula kwake yatsalira pakamwa panga. Ndimayenera kunena ndekha kuti mayi, ndingakujambuleni? Ndikufuna kukachiika pakutipakuti. Ndikatola ndimawaonetsa, ndipo akati fufuta ndimafufuta iwo akuona.

Zimenezi zili ndi mtengo wake, ndipo anzanga ojambula amandiuza mosabisa. Ukapempha, kamphindi kaja kathawa. Mayi wogulitsa tomato pamsika amene amaseka ndi mnzake, dzuwa likumuwomba bwino pa tsaya, ukangoti odi amaimirira, kukonza chitenje, nkhope n'kuuma. Chithunzi chomwe unachiona m'maso sichibweranso. N'zoona, ndipo pali zithunzi zambiri zabwino zomwe sindidzakhala nazo. Ena amati jambula kaye, upemphe pambuyo, akakana ufufute. Pa m'bale wako kapena mnzako amene mumadziwana, njira imeneyo ndimaimva. Pa mlendo imandikayikitsa, chifukwa kukana chinthu chomwe chachitika kale n'kovuta kuposa kukana chisanachitike, makamaka kwa munthu wamkulu amene sakufuna kukhumudwitsa mwana wa sukulu.

Chomwe ndapeza n'choti ukakhalitsa pamalo, mayi uja amaiwala za kamera n'kuyambanso kuseka. Zimatenga theka la ola, nthawi zina maulendo atatu, ndipo kawirikawiri umabwerako utagula tomato amene sunamufune.

Wallahu a'lam.