Madengu 12 Aja Anawanyamula Ndani?

Werengani: Yohane 6:1-13 ndi Deuteronomo 23:12-14

Musathamangire kutsika pansi pa uthenga uno, khalani nawo pang'ono.

Nonse mumaidziwa nkhani ya Yesu kudyetsa khamu la anthu. Amuna okha anali pafupifupi 5,000, mikate inali isanu, nsomba ziwiri. Tikafika apa timakuwa aleluya, ndipo n'koyenera. Koma ambiri timatseka Baibulo pa vesi 11, anthu atakhuta. Pitirizani mpaka vesi 13. Yesu sanawabalalitse anthu nthawi yomweyo. Anauza ophunzira ake kuti atolere zotsala zonse kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza madengu 12. Taganizani: amene angathe kuchulukitsa mkate nthawi ina iliyonse, ndiye akusamala za nyenyeswa. Ndipo ntchito yotolera sanaipatse ana ang'ono kapena anthu aganyu. Anawerama ndi atumwi eniake, omwe aja anali pafupi ndi chozizwitsa.

Manje tiyeni tibwere kwathu. Ife a mipingo ya Mzimu timaikonda misonkhano. Konfarensi ya amayi, ya achinyamata, ya abusa, ya amalonda achikhristu, ma ovanaiti, ma kruseidi a masiku atatu pa graundi ya sukulu. Zonsezi ndi zabwino, ndipo ambiri a inu munalandira Yesu pa misonkhano yotere. Koma pitani pa graundi ija Lolemba m'mawa, tenti itachotsedwa. Mupezapo chiyani? Mabotolo a madzi ndi a maheu, mapulasitiki, timbale totaya tokhala ndi nsima yotsala, mathewera a ana, mapositala ong'ambika okhala ndi nkhope ya mlaliki. Alendo anakwera mabasi, anapita. Doti yatsala ndi amayi amene nyumba yawo ili pafupi ndi mpanda, amene mwina sanalowe n'komwe mu tenti.

Tiyerekeze chabe: anthu 2,000, masiku atatu, aliyense mabotolo awiri pa tsiku. Amenewo ndi mabotolo 12,000. Mvula yoyamba ikagwa, onsewo amalowa mu mfolo. Mfolo ukatsekeka, madzi amafuna njira ina, ndipo njira yake ndi m'nyumba za anthu. Inu a ku Kanyama simufunika kuuzidwa. Dera lija lili pa thanthwe lokhala ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Chigumula chikabwera, za m'zimbudzi zokumba zimasefukira n'kusakanikirana ndi madzi a m'zitsime zosaya zomwe anthu amatunga. Kolera imayenda njira imeneyo.

Simunaiwale Januwale 2018. Boma linaletsa misonkhano m'madera momwe kolera inali itavuta, asilikali anatuluka kukayeretsa tauni, ku Kanyama anthu analamulidwa kusayenda usiku, ndipo mipingo yambiri sinathe kusonkhana pa Sande. Simunaiwalenso kolera yomwe inayamba mu Okutobala 2023. Bwalo la Heroes Stadium, komwe timapita kukachemerera Chipolopolo, linasanduka chipatala chodzaza mabedi. Masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, ambiri a iwo kuno ku Lusaka. Ena mwa inu amene mukuwerenga munaika abale anu mwachangu, opanda mwambo wa maliro monga tinazolowera. Ambuye apitirize kukutonthozani.

Ndikudziwa wina akunena mumtima kuti, "Abusa, imeneyo ndi ntchito ya khansolo, ife zathu ndi zauzimu." Tsegulani Deuteronomo 23. Mulungu yemwe anagawa Nyanja Yofiira ndi yemweyo anauza asilikali a Israeli kuti akonze malo kunja kwa msasa, aliyense akhale ndi chokumbira pa katundu wake, ndipo akadzithandiza akwirire. Chifukwa chimene anapereka n'choopsa: Iye mwini amayendayenda mu msasa kuti awapulumutse, ndipo akaonamo chonyansa akhoza kuwafulatira. Mwamva? Kupezeka kwa Mulungu anakumangirira pamodzi ndi nkhani ya chimbudzi. Ife timasala kudya masiku 21 kupempha kuti ulemerero utsike, koma pa bajeti ya konfarensi timaika ndalama za sawundi, za jenereta, za maluwa a pa guwa, za hotela ya mlendo, kenako zimbudzi ziwiri za anthu 2,000. Tikamanga mzimu wa imfa pa maikolofoni usiku wonse, n'kusiya mfolo titautseka ndi mabotolo athu, tikupempherera chinthu chimene manja athu akuchigwetsa.

Anthu a dziko anayamba kale kuiganizira nkhaniyi. Misonkhano ikuluikulu ngati yomwe imachitikira ku Mulungushi International Conference Centre, komwe atsogoleri a African Union anakumana mu Julayi 2022, imabweretsa anthu pa ndege kuchokera kutali. Masiku ano okonza misonkhano yotere m'mayiko ambiri amawerengera utsi wa ndege, mafuta, magetsi ndi zinyalala zomwe msonkhano watulutsa. Amayamba ndi kuchepetsa zomwe angathe, ndipo zotsalazo amalipira pobzala mitengo kapena kuthandiza ntchito zoteteza nkhalango. Nthawi zambiri mitengoyo imabzalidwa kutali ndi anthu amene anasenza vutolo. Apa ndi pomwe mpingo ungachite bwino kuposa iwo, chifukwa ife timawadziwa maina anthu okhala pafupi ndi graundi. Ngongole yathu tingailipire pa khomo pomwe tinaitenga.

Kumbukirani Zakeyu. Chipulumutso chitalowa m'nyumba mwake, sanangolira misozi. Anawerengera zomwe anatenga n'kulonjeza kubweza. Nafenso tiwerengere. Masaka angati a malasha amapsa pa mbaula kuti tiphikire nthumwi masiku atatu? Malasha aja anali mitengo ku Mumbwa, ku Chongwe kapena kwina komwe matiraki amachokera. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa mtengo wake wa mvula: chilala chinalengezedwa kukhala tsoka la dziko, chimanga chinauma, madzi ku Kariba anatsika, ndipo tinakhala mu mdima maola ambirimbiri. Mtengo umodzi sungabweretse mvula, zoona. Koma mpingo umene watentha mitengo uyenera kubweza mitengo. Mvula ikakhazikika mu Disembala, selo iliyonse ingabzale mango, magwafa kapena makotapeya pa sukulu yomwe inatibwereka graundi, n'kusankha munthu woithirira mpaka igwire. Kubzala n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook, mbuzi n'kudya mawa lake, si kubweza ayi.

Ndipo inu a komiti yokonza msonkhano wathu ukubwerawu, ndikulankhula nanu mwachindunji. M'malo mogula mabotolo masauzande, ikani madiramu a madzi othira kolorini okhala ndi mpopi, aliyense abwere ndi kapu kapena botolo lake. Mbale zikhale zotsuka. Ophika tisawatenge ku tauni pomwe mu komboni muno muli amayi amasiye odziwa kuphikira anthu mazana pa maliro ndi pa ukwati. Ndalama ija itsale m'manja mwawo, igulire ana yunifomu. Ndiwo mugule pa msika wa pafupi. Mabotolo omwe angapezekebe, aikeni m'masaka paokha muwapatse anyamata ndi agogo aja amene amatolera n'kukagulitsa pa sikelo. Kwa inu ndi doti, kwa iwo ndi pamela ya madzulo. Zotsala zenizeni mulipire wonyamula zinyalala wovomerezeka kuti zikafike ku Chunga, osati kuzikwirira kuseri kwa sukulu kapena kuziotcha ana akupuma utsiwo.

Ma asha athu, inu amene mumavala bwino n'kuima pa khomo, utumiki wanu sutha pa ameni womaliza. Madikoni, akulu a mpingo, ndi ife abusa, dengu lija ndi lathunso. Ngati Petro anawerama, suti yanga siingandiletse.

Sabata ino pemphererani mabanja amene anataya okondedwa awo ndi kolera, ndi ogwira ntchito m'zipatala za m'makomboni athu pamene mvula ikuyandikira. Loweruka lomaliza la mwezi uno, lomwe ndi tsiku loyeretsa la Keep Zambia Clean, Green and Healthy, tikumana pa tchalitchi 07:00. Tiyambira mfolo wa kutsogolo kwa geti mpaka pa kona. Bwerani ndi fosholo, reki, wilibala ndi masaka; amene muli ndi magambuti ndi magolovesi owonjezera, munyamulireko anzanu.