Laputopu yanga ndi ndowa ya amayi



Ndikudziwa kuti si bwino munthu kumaulutsa cholakwa chomwe Allah wamubisira. Koma nkhani iyi tinaikambirana kale ndi m'bale yemwe ndinamulakwirayo, anandikhululukira, ndipo ndi iyeyo amene anati ndiilembe pano, mwina ingathandize wina.

Ndili ndi laputopu yaikulu, ya sikirini ya mainchi 17. Amalume anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg ndi omwe ananditumizira pa basi nditasankhidwa kukaphunzira za uinjiniya ku MUBAS. Si yatsopano, koma ndi yamphamvu. Imalemera pafupifupi makilogalamu 3, moti ndikatsika nayo wapansi kuchoka kwathu ku Mpingwe kupita kokwerera minibasi ku Limbe, ndimafika phewa likuwawa. M'minibasimo ndimaiika pamiyendo n'kuikumbatira ngati khanda mpaka ku Ginnery Corner. Anzanga amaitcha "TV ya m'kalasi". Koma kwa munthu wojambula mapulani pa AutoCAD, sikirini yaikulu si yongodzionetsera. Mizere yonse imaoneka nthawi imodzi, maso satopa msanga. Ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndikudziwa bwino kuti itati yawonongeka kapena kubedwa, kwathu kulibe amene angandigulire ina.

Tsono usiku wina wa Lachinayi, titachoka ku Swala ya Isha, mnzanga wa m'kalasi yemwe amakhala ku Bangwe ananditumizira uthenga pa WhatsApp. "Akhi, undibwerekeko makina aja mawa ndi Loweruka. Ntchito ija ndi yopereka Lolemba, ine sindinayambe n'komwe kujambula." Iye alibe laputopu. Amadalira makompyuta a kusukulu, omwe nyengo yopereka ntchito ikafika amachepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu owafuna. Ine yanga ndinali nditamaliza kale Lachitatu. Ndinayang'ana uthengawo kwa kanthawi, kenako ndinayankha kuti, "Pepa man, nanenso sindinamalize, ndikhala ndili pompo weekend yonse." Nditatero ndinatsegula YouTube n'kuyamba kuonera zigoli za mpira pa sikirini yanga yaikulu ija.

M'mawa mwake mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 8, anabwera ndi Juzu Amma yake kuti ndimumvetsere zomwe anapatsidwa ku madrasa. Inali Surat Al-Ma'un, sura ya nambala 107, ya ma ayah 7 okha. Anawerenga bwino mpaka kumapeto, koma liwu lomaliza lenilenilo, lomwe ndi dzina la surayo, ankalephera kutulutsa chilembo cha ain. Ndinamubwerezetsa kanayi. Kachisanu anakhoza, kenako anandifunsa, "Achimwene, nanga ma'un n'chiyani?"

Abale anga, sura imeneyi ndinailoweza ndili wamng'ono ngati iyeyo. Ndaiwerenga m'ma Swala osawerengeka. Yankho ndinali nalo, chifukwa Ustadh wathu anatiphunzitsa. Koma pakamwa panauma.

Kwa amene taiwala, surayi imayamba ndi munthu wokankha mwana wamasiye komanso wosalimbikitsa kudyetsa osauka. Kenako imatembenukira kwa anthu oswali, ife amene, n'kuchenjeza omwe amanyozera Swala zawo, omwe amachita zinthu kuti anthu awaone, ndipo imathera pa omwe amamana anzawo ma'un. Ma Swahaba anasiyana pomasulira liwuli. Ali bin Abi Talib ndi Ibn Umar, Allah asangalale nawo, ananena kuti ndi Zakat. Abdullah bin Mas'ud anafotokoza kuti m'nthawi ya Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, iwo ankawerengera kubwerekana ndowa ndi mphika kuti ndiye ma'un. Ikrimah, wophunzira wa Ibn Abbas, anaphatikiza zonse ziwiri: pamwamba penipeni pali Zakat, pansi penipeni pali zinthu ngati sefa, ndowa ndi singano. Mwachidule, ndi chinthu chomwe mnzako angachigwiritse ntchito n'kukubwezera, iwe osataya kanthu.

Ku Mpingwe kuno izi si zachilendo. Ndowa ya amayi anga yayenda m'nyumba zambiri za mzere wathu kuposa ine. Kukakhala sadaka kapena nikah, mapoto aakulu amachoka khomo ili kupita khomo lina popanda wolemba pakope. Madzi akasiya kutuluka, amene ali ndi dilamu amagawira anzake. Sindinamvepo amayi akunamiza mnansi kuti ndowa ili ndi ntchito chonsecho ili phee pakhonde.

Funso lomwe landivutitsa chichokereni tsiku lija ndi ili: kodi laputopu ndi ma'un?

Mtima wanga unali ndi maloya ake, ndipo ndikufuna ndiwapatse mpata alankhule, chifukwa si zonse zomwe ananena zomwe zili zabodza.

Woyamba anati: ndowa ndi ndowa, laputopu ndi laputopu. Ndowa ikasweka ukagula ina mumsika wa Limbe tsiku lomwelo. Izi n'zoona, ndipo ndili ndi chipsera. Chaka chatha ndinabwereketsa laputopu yomweyi kwa mnyamata wina wa m'kalasi mwathu. Inabwera mahinjesi a mbali imodzi atathyoka, mkati mutadzaza mavayirasi ochokera m'mafulashi a anthu omwe sindikuwadziwa. Nditamufunsa, anangoti, "Inali choncho kale, aise." Ndalama yokonzetsera ndinachotsa pa ya chakudya cha mwezi umenewo. Kuteteza chuma ndi chimodzi mwa zinthu zisanu zomwe ma ulama amati Shariah inabwera kudzaziteteza, pamodzi ndi chipembedzo, moyo, nzeru ndi mtundu. Choncho kusamala si umbombo ayi.

Wachiwiri anati: laputopu si chiwiya chabe. Muli zithunzi za akubanja, muli maimelo, muli ntchito zanga za zaka zitatu. Kubwereketsa ndowa sikuulula zinsinsi zako. Izinso n'zoona.

Wachitatu anati: iyi ndi amanah ya amalume. Anavutikira kudziko la eni kuti iwe uphunzire, osati kalasi yonse.

Koma nditakhala pansi n'kuwafunsa bwino maloya angawa, ndinapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti ndiname. Onse ankanena za mmene ndingabwereketsere mosamala. Bodza lija linachokera kwina. Linachokera pakuti ndinkafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumana, komanso kuonekabe munthu wabwino pamaso pa mnzanga. Ndipo taonani mmene sura ija inasanjira zinthu. Kudzionetsera ndi kumana ma'un zili moyandikana, ayah iyi kenako inayo. Kale ndinkadabwa kuti zikugwirizana pati. Usiku uja ndinazichita zonse ziwiri mu uthenga umodzi wa mawu osakwana makumi awiri.

Nditapita kukafunsa Ustadh wanga wakale titatha Jumu'ah, sanandikalipire. Anandikumbutsa kuti m'mabuku a fiqh muli khomo lonse lotchedwa ariyah, lonena za kubwerekana zinthu. Ma ulama ambiri amati kubwereketsa ndi chinthu chokondedwa kwa Allah koma si chokakamiza. Ena, monga Ibn Taymiyyah, anaona kuti chimasanduka chokakamiza ngati mwiniwake sakuchifuna pa nthawiyo pomwe mnzake wapanikizika. Kenako anandiuza chinthu chomwe ndinali nditaiwala: Shariah sinamusiye wobwereketsa pamtetete. M'madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsatira, chinthu chobwereka chikawonongeka m'manja mwako mwa njira ina, osati kutha kwachizolowezi kobwera ndi ntchito yomwe unaloledwa, uyenera kulipira. A Hanafi amati umalipira pokhapokha ngati unanyozera kapena kupyola malire. Ngakhale Mtumiki weniweniyo, swalla Allahu alaihi wasallam, pokonzekera nkhondo ya Hunain m'chaka cha 8 Hijri, anabwereka zovala zachitsulo zankhondo kwa Safwan bin Umayya, yemwe nthawi imeneyo anali asanalowe Chisilamu, ndipo anamutsimikizira kuti si kulanda, ndi kubwereka komwe kuli ndi chitsimikizo cha kubweza.

Apa ndipamene ndinaona kuti mnyamata wa mahinjesi uja sanangothyola laputopu yokha. Anathyolanso khomo lomwe mnzanga wa ku Bangwe anadzagogodapo patatha chaka. Tikamadandaula kuti masiku ano anthu ndi omana, tizifunsanso kuti ndi angati mwa ife omwe timabweza chinthu cha eni pa nthawi yake, chili bwino, kapena kuvomera poyera kuti tawononga. Chaja, kalikyuleta, buku, njinga: timabwereka ndi nkhope yachisoni, pobweza mpaka mwiniwake achite kutilondola. Wobwereka wosasamala amabera anthu onse obwera pambuyo pake.

Komabe zimenezi sizinandichotsere mlandu wanga. Cholakwa cha munthu mmodzi ndinachilipiritsa kwa wina wosalakwa.

Ndiye laputopu ndi ma'un kapena ayi? Ine si mufti, ndipo sindikupereka fatwa. Koma pomwe ndafika ndi apa. Chomwe chimapangitsa chinthu kukhala ma'un si kutchipa kwake kokha. Ndi kusiyana komwe kulipo pakati pa zomwe ine nditaye ndikabwereketsa ndi zomwe mnzanga ataye ndikamumana. Weekend ija ine ndikanataya zigoli za pa YouTube. Iye akanatha kutaya kosi yonse, ndipo kubwereza kosi ndi ndalama zomwe bambo ake, ogulitsa mumsika, sangazipeze mwachangu. Ku Madina chomwe munthu sakanatha kukhala popanda icho chinali ndowa yotungira madzi pachitsime. Kwa wophunzira wa masiku ano, amene ntchito zake zonse amapereka zotayipa kapena zojambula pakompyuta, ndowa yake ndi imeneyi. Mtengo wake ukundipatsa ufulu woika malamulo. Sukundipatsa ufulu wotseka chitseko, ndipo sukundipatsa ufulu wonama.

Za amalume zija, ndinawaimbira. Anaseka kwambiri. Anati chaka chawo choyamba ku Joni ankagona m'chipinda cha munthu wa ku Mangochi yemwe sankamudziwa n'komwe, ndipo ntchito yoyamba anaipeza kudzera pa foni yobwereka. "Mphwanga," anatero, "kupatsa n'kuika. Ungoisamala basi."

Lachisanu lomwelo madzulo ndinamuimbira mnzanga uja n'kumuuza chilungamo chonse. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndinadziwa kale, akhi. Unaika status ya chigoli cham'ma 11 koloko usiku, sikirini yonse ikuoneka." Ndinachita manyazi kwambiri. Tsiku limenelo iye anali atadikira kompyuta kusukulu mpaka mdima, ndalama yomwe anali nayo inangokwana minibasi yofika ku Limbe, ndipo kuchoka pamenepo anayenda wapansi mpaka ku Bangwe. Tsiku limenelo sindingathe kumubwezera.

Tinagwirizana chonchi. Laputopu sichoka pakhomo, chifukwa kuyenda nayo usiku ndi kuitana akuba. Koma ndinatsegula akaunti yachiwiri yokhala ndi pasiwedi yake, kuti zanga zikhale kwazokha. Fulashi iliyonse iyambe yapimidwa. Loweruka anafika titangotha Fajr, anajambula mpaka Asr, amayi anamuphikira nsima ya usipa, ndipo magetsi atazima masana batire inatikankhako pang'ono mpaka anamaliza gawo lalikulu. Lamulungu anamalizitsa. Ndipo pali chinthu china chomwe ndinachiona tsiku limenelo: sikirini ya mainchi 17 imakwana anthu awiri bwinobwino. Ndinakhala pambali pake, ndipo pomwe ankajambula anandionetsa kuti pa ntchito yanga, yomwe ndinkaiyesa yomaliza, ndinalakwitsa muyeso wa masitepe. Ndinakonza usiku womwewo. Panopa Loweruka lililonse timakhala atatu kapena anayi patebulo la amayi.

Sindikunena izi kuti mundione wabwino, chifukwa mwaona kale mmene ndinayambira. Ndipo pali yesero lina lomwe ndikulimbana nalo mpaka lero: kamtima kofuna kuti azindithokoza, kofuna kudzakumbutsa tsiku lina kuti "pajatu unajambulira pa yanga". Tinaphunzira mu Surat Al-Baqarah kuti kukumba ndi kupweteka mtima wa amene wamuthandiza kumafafaniza malipiro a chopereka. Mundipangire dua pa zimenezi.

Mwina inu mulibe laputopu. Koma muli ndi chinachake chomwe chimangokhala pomwe m'bale wanu akuchisowa: foni yokhala ndi bandulo yomwe itha mawa musanaimalize, manotsi a chaka chatha, makina osokera, njinga, soketi ya magetsi a sola. Ngati simungathe kubwereketsa, nenani zoona mwaulemu, chifukwa kukana ndi chifukwa chomveka si tchimo. Ngati mungathe, ikani malamulo anu n'kutsegula chitseko. Ndipo ngati ndinu wobwereka, bwezani msanga, bwezani chili bwino, mukawononga vomerani.

Mlongo wanga ndinamuyankha tsiku lotsatira. Ndinamuuza kuti ma'un ndi ndowa ya amayi, ndi poto wa sadaka, ndi laputopu ya achimwene ake. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye mundibwereka ndionere makatuni?" Imeneyo tikukambiranabe.

Allah atiteteze ku umbombo wa mitima yathu, atipange kukhala osunga amanah, ndipo atikhululukire pomwe tapunguza. Chomwe ndalondola chachokera kwa Iye, chomwe ndalakwitsa chachokera kwa ine, ndipo odziwa andikonze. Wallahu a'lam.

Jumu'ah Mubarak kwa nonse.