Mtsuko wa Kalongonda

Panangokhala. M'komboni ina ya pa esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri la Thyolo, munali munthu dzina lake Atanazio. Anzake ankathyola masamba awiri ndi kansonga. Iye ankathyola ndi timitengo tomwe kuti dengu lilemere. Kalaliki akamubweza, ankati sikelo ili ndi kaduka. Koma pa pemphero, ee, panalibe womuposa. Akayamba korona kumphakati, mawu ankamveka mpaka kufakitale.

Mwezi wa Juni unali utangoyamba. Mvula inali itadula, tiyi atasiya kuphuka, aganyu ambiri atauzidwa kuti adzabwerenso mu Disembala. Otsalawo ankadulira mitengo m'chiperoni, zala zili gwa ndi chisanu. Ndalama inkaoneka mwa apo ndi apo.

Tsiku la malipiro, agogo Anasitaziya, mayi wamasiye wolera zidzukulu zitatu, anamanga K12,000 m'kampango kofiira. Pofika kunyumba, kampango kulibe. Anabwerera m'mizere ya tiyi, uku akufunafuna, uku akulira, mpaka kunada.

Njira yomweyo Atanazio anali atadutsamo kale. Anaona chofiira. Anayang'ana uku, nayang'ana uko, napondapo phazi. Kenaka anawerama ngati akuzula minga.

"Mulungu amapatsa ake m'njira zambiri," anatero.

Tsono abise pati? M'thumba la jekete, mkazi amapisamo. Kudenga kuli makoswe. Pansi pa mphasa pali ana. Maso ake anagwa pa mtsuko wa kalongonda pakona, ndipo anaseka yekha. Kalongonda saphikidwa ndi munthu wothamanga. Amafuna mtolo wathunthu wa nkhuni, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, apo ayi aledzeretsa nyumba yonse. Ndi nkhuni zosowazi, mtsuko umenewo ndani angaukhudze? Anamasula kampango, naonjezeramo K20,000 yake imene ankabisira mkazi wake kuti akagule foni ku Limbe. Anamanga mfundo ziwiri, nakakwirira pansi penipeni.

Lamulungu a katekisiti anaimirira.

"Abale, pa 13 Juni ndi tsiku la Antonio Woyera wa ku Padua, uja anabadwira ku Lisbon n'kumwalira mu 1231. Amati mnyamata wina wa m'nyumba yawo ya chipembedzo anamubera buku la Masalimo. Antonio anapemphera, wakubayo n'kubwera nalo yekha. N'chifukwa chake timamudandaulira zinthu zikatisowa. Tiwachitire novena agogowa. Atsogolere ndani?"

"Atanazio!" onse anayankha.

Akane bwanji? Madzulo aliwonse, masiku asanu ndi anayi, anagwada pabwalo la agogo.

"Antonio Woyera, mutipempherere!" Amenewo anali mawu aakulu. Ang'onoang'ono ankatsalira m'ndevu: "Koma musathamange."

Tsiku lachiwiri: "Antonio Woyera, apezereni agogowa!" M'ndevu: "Ku Padua n'kutali, musadzivutitse."

Tsiku lachisanu anagwetsa misozi yeniyeni, amayi a Lejiyo ya Maria n'kuyamba kusisima. Pemphero linamukomera. Pofika tsiku lomaliza sanakhutire ndi kupemphera kokha, analalikiranso.

"Oyera sagwira ntchito okha! Ali ndi manja? Manja awo ndi ife! Amene ali ndi kanthu m'nyumba, kaya kochepa, asakaumirire. Apatse wamasiye!"

Kumbuyo kunakhala mkazi wake, Nachisale, dzanja lili patsaya.

Tsiku la Antonio linafika ndi nkhungu. Atatha mapemphero, a mphakati onse anakhamukira kwa agogo. Wina ananyamula phava la nthochi, wina chinangwa, wina ufa m'kambale, wina mchere wa papepala. Atanazio anabwera ndi mawu. Ali mkati motamanda opereka, anaona mtsuko ukutulukira kuseri kwa nyumba, pansi pake pali Nachisale.

"Bambo a Maria, mawu anu adzulo andilasa mtima. Ufa tilibe, koma kalongondayu alipo."

Atanazio anameza malovu.

"Iwe, agogowa nkhuni azitenga kuti?"

"Tikatola ife," anatero anyamata a kwaya.

"Nanga mano? Agogowa alibe mano!"

"Akapsa amafewa, mwanawe," anatero agogo.

"Koma mtsukowo ngwa malemu amayi anga!"

"Mtsuko tibwerera nawo," anatero Nachisale. "Patseni lichero."

Khuthulu! Kalongonda anadzaza lichero, wina n'kugubudukira pansi. Pamwamba pa mulu panatera kanthu kofiira, ka mfundo ziwiri.

Kunali zii. Kenaka nthungululu, m'manja, nyimbo. Amayi ena anagwada pomwepo m'matope. Agogo Anasitaziya okha sanaimbe. Anamasula mfundo yoyamba, namasula yachiwiri, nanyowetsa chala. Anawerenga pang'onopang'ono, naika milu iwiri pa chitenje.

"Iyi K12,000 ndi yanga. Iyi K20,000 si yanga. Ine za eni sindidya." Anakweza maso, nayang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo pa nkhope ina anachedwapo. "Mwini wake ndani?"

Nanga inu, mukanakhala mu jekete ya Atanazio, mukanatsegula pakamwa? Munene kuti ndi yanga, akufunsani kuti inalowa bwanji m'kampango ka agogo. Mukhale chete, foni ija yapita ili yosagula. Atanazio anayang'ana kumwamba, kumene kunali nkhungu yokhayokha. Nachisale anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana mtsuko, namanga chitenje chake bwinobwino.

A katekisiti anafunsa katatu, monga achitira polengeza ukwati. Palibe anatsokomola.

"Ndalama yopanda mwini pa tsiku la Antonio ndi ya Antonio," anatero. "Tchalitchi chathu chikudontha kumbali ya amayi. Ikagule malata. A Atanazio, tsogolerani pemphero lothokoza."

Anatsogolera. Koma a kumbuyo ankafunsana kuti, "Akuti chiyani?"

Mbiri inayenda. Inafika ku Bvumbwe pamsika, inafika ku Luchenza: kuli munthu kuesiteti, akapemphera zotayika zimabwera ndi phindu. Sabata isanathe, a kapitawo anagogoda pakhomo m'mamawa, chipewa chili m'manja.

"A Atanazio, mbuzi yanga yaikazi yasowa. Tiyambe liti novena?"

Atanazio asanayankhe, Nachisale anatulukira pakhomo ndi tsache.

"Khalani pansi, a kapitawo," anatero. "Musanavutitse Antonio, ndiyambe ndasuzumira kuseri kwa bafa."