Kobiri Limodzi pa Sabata

Mwezi wa October ukafika, dzuwa limakhala loswa mtengo, chimanga m'nkhokwe chayamba kutsika, ndipo kandalama kotsala kamangidwa pansalu kudikira mbeu ndi feteleza. Tsono ndi m'mwezi womwewu, pa Lamulungu lachiwiri kuchokera kumapeto kwake, m'mene Eklezia amapempha ana ake onse a pa dziko lapansi chopereka cha Mishoni, monga adakhazikitsira Papa Pius XI m'chaka cha 1926. Pobwera ku Misa sipalephera kumveka dandaulo lakuti wosauka sangathandize wosauka mnzake, kuti chopereka chotere nchoyenera a ku Ulaya amene ali nazo. Dandaulo limeneli silochokera kwa anthu oipa mtima ai. Umphawi wake ngwoona. Koma likuiwala kanthu kamodzi.

Luka woyera, m'mutu 17 wa Mthenga wake, akusimba za akhate khumi amene adakumana ndi Ambuye Yesu m'malire a Samariya ndi Galileya. Adaima patali, pakuti lamulo silinkawalola kuyandikira anthu, napfuula kupempha chifundo. Ambuye adawatuma kuti akadzionetse kwa ansembe, monga chidalamulira Chilamulo cha Mose, ndipo ali m'njira khate lidawachoka onse khumi. Asanu ndi anai adapitirira ulendo. Munthu sangawanene kuti adali osamvera, popeza adapita kumene adatumidwa; sangawanenenso kuti sadakondwe, pakuti wochira khate angaleke bwanji kukondwa? Chimene chidawasowa nchakuti maso ao adatsalira pa khungu lao latsopano, osakweranso kukafika pa nkhope ya amene adawapatsa khungulo. Mmodzi yekha, Msamariya, mlendo wonyozeka pakati pa Ayuda, ndiye adatembenuka, nadzagwa pa mapazi a Yesu. Mau a Chigriki amene Luka adalemba ponena za kuthokoza kwa munthuyo ndiwo tsinde la dzina lija lakuti Ukaristia. Motero mkristu aliyense wolowa m'tchalitchi pa Lamulungu wabwera kudzagwira ntchito ya Msamariya uja, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Makolo adati kupatsa nkuika, ndipo m'mudzi mwambi umenewu ngwanzeru: wogawira mnzake ufa lero adzagawiridwa nayenso pa tsiku la njala. Komabe kupatsa kwa mkristu kuli ndi muzu wina. Iye saika kuti adzatenge m'tsogolo; iye amabweza chifukwa adalandira kale. Paulo woyera, posonkhetsa ndalama zothandizira akristu osauka a ku Yerusalemu, adauza Aroma kuti anthu a mitundu ina adali ndi ngongole kwa abale aowo, popeza chikhulupiriro chidawafika kuchokera kwa iwo. Ndipo amene iye adawaika patsogolo ngati chitsanzo sadali Akorinto, a mu mzinda wa malonda, koma akristu a ku Masedoniya, amene adali m'masautso ndi mu umphawi waukulu, nachita kumuumiriza Paulo kuti awalole kusonkha nao. Kwa Akorinto adapereka langizo losavuta: pa tsiku loyamba la sabata, aliyense aziika padera kanthu molingana ndi m'mene wapezera.

Langizo lakalekaleli lidadzaphukanso mu mzinda wa Lyon, ku France, mumtima mwa mtsikana wina dzina lake Pauline Jaricot, wobadwa m'chaka cha 1799, mwana wa munthu wolemera wa malonda a nsalu za silika. Mlongo wake Philéas, amene ankaphunzira za unsembe ku Paris, ankamulembera za kusowa kwa amishonale a ku maiko a kum'mawa. M'chaka cha 1819 Pauline adapeza njira yake: anthu khumi akhale gulu limodzi, aliyense azipereka kobiri limodzi pa sabata, kandalama kotchedwa sou, koti makumi awiri ake ndiwo ankakwana franc imodzi, mmodzi mwa khumiwo azisonkhanitsa, magulu khumi akhale zana, mazana khumi akhale chikwi. Oyamba kulowa sadali eni chuma, koma amai ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba zoombera silika, anthu a malipiro ochepa ndi maola ambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa 3 May 1822 padakhazikitsidwa ku Lyon Bungwe Lofalitsa Chikhulupiriro, lotsata njira yomweyo ya magulu a khumikhumi, ndipo patapita zaka zana, mu 1922, Papa Pius XI adalisandutsa bungwe la Apapa.

Pali kanthu kena pano kosekeretsa pang'ono, koma kophunzitsa. Gawo lalikulu la ndalama zoyamba za bungwelo lidapita ku America, kukathandiza akristu a ku Louisiana ndi ku Kentucky, pakuti masiku amenewo dziko limene lero anthu amalitchula ndi kaduka lidali munda wa mishoni wopempha thandizo. Amene adalandira dzulo ndiwo adadzakhala opereka. Palibe Eklezia wa dziko lililonse amene Mulungu adamlenga kuti akhale wotambasula dzanja mpaka muyaya.

Thumba lomwelo la makobiri lidachirikiza mishoni za mu Afrika pa nthawi imene ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndi Ansembe Oyera ku Mua mu 1902. Mpaka lero madayosizi a kuno amalandirabe thandizo kuchokera m'thumba limeneli. Tsono mkristu wobatizidwa m'dziko lino, akafuna kulondola kumene kudachokera madzi a ubatizo wake, adzapeza m'njiramo amai osauka amene sadalione konse dziko lake, amene sakadatha nkutchula komwe dzina la mudzi wake, koma amene sabata ndi sabata ankadzimana kobiri. Khate la mzimu lidamchoka nayenso ali m'njira, osalipira kanthu. Funso limene Ambuye adafunsa, lakuti asanu ndi anai aja ali kuti, silidayankhidwebe, ndipo limagwera parishi ndi dayosizi monga momwe limagwera munthu mmodzi.

Pano pafunika kunena mosapsatira mau. Alipo mabanja amene m'mwezi wa October akudya kamodzi pa tsiku; amenewo Eklezia sawasenzetsa katundu, ndipo wosonkhetsa amene angachititse manyazi mai wamasiye pamaso pa mpingo chifukwa cha chopereka wachimwira chikondi chimene akuti akuchitumikira. Paulo yemwe adanenetsa kuti Mulungu amayang'ana zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe, ndi kuti chopereka chisachoke mokakamiza. Koma aliponso ena, ndipo sali ochepa, amene umphawi amaukumbukira pokhapokha mbale ya chopereka ikamayandikira. Pa ukwati amapeza zofupa, ku mowa sasowa yogulira anzao, fodya akagulitsidwa njinga yatsopano imafika pakhomo. Koma mvula imene idameretsa fodyayo saiwerengera ngati mphatso. Otere vuto lao si dzanja louma, koma maso: adazolowera chaulere cha Mulungu kotero kuti adayamba kuchiyesa malipiro ao. Munthu woganiza kuti zonse adazipeza ndi khasu lake yekha alibe woti amthokoze, ndipo wopanda womthokoza chilichonse chimene apereka amachimva ngati msonkho.

Asaganize wina kuti kuolowa manja ndi malonda opindulitsa pansi pano. Moyo wa Pauline Jaricot ukukana zimenezo. Bungwe litakula ndi kutchuka, ambiri adaiwala kuti njira yake adaiyamba ndani, ena nachita kukana poyera. Pambuyo pake adaika chuma chake m'fakitale ya chitsulo ku Rustrel, pofuna kuti antchito azigwiramo mwaulemu ndi kulandira malipiro oyenera. Koma anthu amene adawakhulupirira adambera, fakitale idagwa, iye natsala ndi ngongole zimene adalimbana nazo mpaka imfa. Chidamuwawa koposa nchakuti ena mwa amene adatayapo ndalama zao adali anthu wamba amene adamkongoza pomkhulupirira. Mwana wa mwini chuma uja adadzalembedwa m'kaundula wa amphawi a mzinda wa Lyon, ndipo adamwalira pa 9 January 1862. Padapita zaka 160 kufikira pa 22 May 2022, tsiku limene Eklezia adamutcha Wodala, mu mzinda womwewo wa Lyon.