Galu wa wosaona akaipitsa njira, atole ndani?

Funso ili linabwera m'gulu lathu lophunzira ndi mnyamata amene anagwirako ntchito yosamalira maluwa pa yunivesite ina ku Joni. Anati pasukulupo panali wophunzira wosaona amene ankayenda ndi galu wophunzitsidwa kumutsogolera. Galuyo akachita chimbudzi pa kapinga, pankabuka mkangano. Osesa ankati si ntchito yawo, ophunzira anzake ankati si galu wawo, ndipo ena ankati kumuuza mwini wake kuti atole ndi nkhanza, popeza saona pamene zagwera. Tinaseka ndithu. Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi galu ndi wosakira akalulu ndi wolondera chigafa cha fodya usiku, ndipo palibe amene anamulondolapo ndi jumbo m'manja. Koma kuseka kutatha tinaona kuti aliyense ali ndi yankho lake, ndipo mayankhowo sakugwirizana.

Agalu oterewa si achilendo kwa anzathu akunja. Sukulu yowaphunzitsa inatsegulidwa ku Oldenburg m'dziko la Germany mu 1916, pofuna kuthandiza asilikali amene anataya maso pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ku America bungwe la The Seeing Eye linayamba mu 1929, ndipo ku South Africa bungwe lophunzitsa agalu otere linayamba mu 1953. Galuyo amaphunzira kuima m'mphepete mwa msewu, kulambalala dzenje, ngakhalenso kukana lamulo la mwini wake ngati galimoto ikubwera. Chimene ambiri a ife sitinkachidziwa ndi chakuti amaphunziranso kudzithandiza pa nthawi ndi pamalo pamene wauzidwa. Mwini wake amasisita msana wa galuyo: ngati wapindika, amadziwa kuti pali zotola. Amaika phazi pafupi kuti asataye malowo, kenako galu akasuntha amavala jumbo kudzanja, n'kutola, n'kumanga. Ndi ntchito imene munthu wosaona amaphunzitsidwa, ndipo ambiri amaichita tsiku ndi tsiku.

Malamulo a mayiko amasiyana. Ku England lamulo la mu 1996 lokhudza agalu oipitsa malo a anthu onse silinkalanga munthu wolembedwa m'kaundula wa osaona. Ku America, malamulo oteteza anthu olumala amalola galuyo kulowa m'kalasi ndi m'chipinda chodyera, koma amanena kuti kumusamalira ndi udindo wa mwini wake, osati wa sukulu. Choncho lamulo palokha silitimalizira nkhaniyi.

Yankho limene linafulumira kutuluka pakati pathu linali la chisoni: "Musiyeni, ndi wosaona." Limamveka labwino, koma tiyenera kulitembenuza kuti tione kunsi kwake. Ndi chisoni chomwechi chimene chimatipangitsa kuti wosaona akabwera pakhomo tifunse womutsogolera kuti, "Kodi agogowa amwa thobwa?" ngati kuti eni akewo alibe pakamwa. Munthu amene timamulanda ntchito iliyonse, pamapeto pake timamulandanso mawu pa bwalo. Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti aliyense akhale ndi ntchito, ndipo anaikweza ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira kuti ikhale kupembedza. Sitiona chifukwa chomanira mnzathu kupembedza kumeneku pa chinthu chimene manja ake angathe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wophunzira amene walandira galu kuti amufikitse ku laibulale, walandira galu yense, ndi chakudya chake, utitiri wake ndi zotsala zake.

Komabe mwambiwu sukugwira wophunzira yekha. Yunivesite nayonso inalira mvula pamene inamulembera kalata yoti abwere. Ngati sinapatule kamalo kamodzi koti galu azidzithandizirako, ngati bini ya zinyalala lero ili apa mawa ili uko kotero kuti dzanja silingaipeze, ndiye kuti yamupatsa udindo n'kumubisira khasu. Ndiponso pali masiku amene luso lonse lija silikwanira. Galu watsegula m'mimba, kapena mwini wake wagona ndi malungo, kapena watola koma pang'ono patsala ndipo sakudziwa. Zotsalazi zimagwera munthu wina. Mnyamata wathu uja anati nthawi zambiri zinkagwera mayi wosesa, amene malipiro ake ndi otsika kuposa a wina aliyense pasukulupo, ndipo palibe amene anamufunsa. Apa ndi pamene tinaona kuti pali nkhani ya chilungamo. Ngati ntchitoyo iti ikhale yake, anene poyera, amupatse magolovesi ndi fosholo, ndipo iwerengedwe pa malipiro ake. Chifundo chimene sukulu imatamandidwa nacho, pamene wochilipira ndi wosesa wosafunsidwa, ndi chifundo cha thumba la eni.

Nanga wodutsa m'njira, amene galu si wake ndipo kusesa si ntchito yake? Timakumbukira nkhani ya Lua Getsinger, mayi wa ku America amene anakachezera 'Abdu'l-Bahá ku 'Akká. Tsiku lina 'Abdu'l-Bahá anamutuma kuti akasamalire munthu wosauka amene ankadwala. Mayiyo anabwerako msanga, akudandaula za fungo ndi uve wa m'nyumbamo. 'Abdu'l-Bahá anamuuza kuti abwerere akayeretse nyumbayo, akasambitse wodwalayo ndi kumudyetsa, pakuti Iye mwini anali atachita zimenezo kambirimbiri. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh anachotsa ganizo lakuti pali zinthu kapena anthu odetsedwa amene kuwakhudza kumamuipitsa munthu pamaso pa Mulungu, koma analimbikitsa kwambiri ukhondo. Ndiye kuti wotola zonyansa sanyozeka, amangofunika sopo ndi madzi. Tichenjere chinthu chimodzi chokha. Nkhani ya Lua Getsinger ndi yoti munthu adziuze yekha akaona zonyansa panjira. Si yoti bwana aziwerengera wosesa kuti asadandaule.

Tikanalekera pomwepa ngati nkhani ya ku Joni. Koma mayi wina wa m'gululi anafunsa kuti, "Nanga kuno wotsogolera wosaona ndani?" Tinakhala chete, chifukwa tonse timamudziwa. Pa tsiku la msika ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo, timaona bambo wosaona atagwira nsonga ya ndodo, nsonga inayo ili m'manja mwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi. Ndi Lachitatu m'mawa, ndipo anzake ali m'kalasi. Thandizo limeneli nalonso lili ndi zotsala zake: masiku ojomba, mayeso olephera, kubwereza sitandade 4 kawiri mpaka kusiya. Za galu anthu amakangana chifukwa zimanunkha ndipo wina amazipondapo. Za mwanayu sizinunkha, n'chifukwa chake mudzi wonse umazidutsa. Wozitola ndi mwana yekhayo, kawirikawiri mdzukulu wamkazi, ndipo nayenso sanafunsidwe.

Si kuti dziko lathu lilibe njira ina. Ana osaona amaphunzira zilembo za Braille ndi kuyenda ndi ndodo yoyera ku sukulu ngati ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Malingunde ku Lilongwe. Aphunzitsi awo amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, ndipo ena mwa anawo amafika mpaka ku yunivesite ku Zomba. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lowateteza. Koma taganizirani mwana wa ku Chilanga akabwera kutchuthi kuno kumapiri, ali ndi ndodo yake ndi luso lake. Akumana ndi dzenje limene tinaumbirapo njerwa chaka chatha osalikwirira, chingwe cha mbuzi chopingasa njira ya kuchitsime, minga imene tinasadza potchinga dimba n'kuisiya pomwepo, njinga za kabaza zoimikidwa pakhomo pa golosale. M'nyengo ya mvula onjezanipo matope ofiira a pamtsetse. Zonsezi si galu wa wosaona anazisiya. Tinazisiya ndife openya, ndipo ndi zimene zimachititsa kuti munthu woti akanayenda yekha afune mwana womugwira dzanja. Tinayamba ndi kufunsa ngati tiyenera kutola za mnzathu, kenako tinapezeka kuti zambiri zili panjirayo ndi zathu.

Sitinagwirizane pa zonse. Agogo ena anati tisanyoze mwana wotsogolera agogo ake, chifukwa pamenepo akuphunzira ulemu ndi kuleza mtima zimene m'kalasi mulibe, ndiponso kuti nkhalamba yosaona ikalandidwa mdzukulu wake imatsala yokha tsiku lonse. Zimenezi ndi zoona, ndipo sitinazitaye. Chimene tinakana ndi chakuti phunziro labwino chonchi ligwere mwana mmodzi masiku asanu pa sabata, pamene ife akuluakulu tikupitanso kumsika komweko manja ali lende. Bambo wina anati iye amapita ku Mponela Lachitatu lililonse ndipo angathe kuyenda nawo. Achinyamata achisodzera anati dzenje la njerwa la pafupi ndi mjigo angalikwirire Loweruka limodzi ngati tiwabwereka makasu ndi wilibala.

Kenako mphunzitsi wa kalasi ya ana anatikumbutsa kuti takambirana maola awiri za anthu osaona popanda wosaona ndi mmodzi yemwe pamkeka pathu, chimodzimodzi ndi a ku yunivesite aja amene ankakangana pa kapinga mwini galu ali m'kalasi. Tinachita manyazi. Kuseri kwa phiri kuli bambo amene amatsogoleredwa ndi mdzukulu wawo, ndipo mwina safuna kuyenda ndi munthu wachilendo, mwinanso dzenje limene limawavuta si limene ife tikuliganizira. Awiri a ife apita kukawaona Lachisanu madzulo, mwanayo ataweruka, kuti akamve za onse awiri ndi kuwaitana ku msonkhano wathu wotsatira.