Nyumba ya Kumayadi ndi Funso la Mnansi

Nyumba ya kumayadi mu Chipata imakwera kapena kutsika mtengo chifukwa cha zinthu zoizungulira. Wogula amafunsa ngati magetsi a ZESCO anafika, ngati mpope wa Eastern Water umatulutsa madzi, ngati msika wa Kapata ndi chipatala chachikulu cha Chipata zili pafupi, ndiponso ngati msewu wake umadutsika m'dzinja. Chipata anakhala mzinda mu 2017, Kasenengwa n'kupatulidwa kukhala boma palokha mu 2018, ndipo mapoloti akunka nalowa m'minda ya m'mphepete mwa tauni. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mfumu asanduke a lizi ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo akavomereza. Motero munthu angamange pakati pa anthu omwe sanalonjerane nawo n'komwe.

Funso limene wogula safunsa kawirikawiri ndi lakuti: adzakhala ndi yani? Buku la Genesis, mutu 13, likusimba za Loti, amene Abramu atamupatsa mwayi wosankha, anasankha chigwa cha Yordano poona madzi ake, nakamanga mahema pafupi ndi Sodomu. Anaona bwino dziko, koma anthu ake sanawaone.

Izi sizitanthauza kuti kufuna madzi ndi chipatala ndi tchimo. Mayi amene matenda amuyamba usiku amadziwa kufunika kwa msewu wabwino, ndipo mwana woyenda mtunda wautali kupita kusukulu amafika m'kalasi atatopa kale. Kufunira banja zinthu zimenezi ndi udindo wa kholo.

Vuto limayamba nyumba ikadzidalira pa zonse. Kumudzi anthu amadziwana chifukwa chosowana: wina akapala moto kwa mnzake, wina akapempha mchere, amayi amakumana pamjigo n'kumvana za wodwala. Kumayadi kuli mpanda wa mabuloko, magalasi osweka pamwamba pake, geti lachitsulo, thanki yamadzi pansanja, ndi sola padenga. Mpandawo uli ndi chifukwa chake, pakuti akuba alipodi. Koma umatsekereza wakuba pamodzi ndi wopempha, ndipo mwininyumba angathe chaka osamva kuti kuseri kwa khoma lake kuli mwana amene wagona ndi njala.

Chilala cha 2024 chinaika funso la mnansi poyera. Madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mipope yodalira magetsi inkauma. Nyumba yokhala ndi chitsime chopopa ndi sola inali ndi madzi, pamene panja pa geti amayi ankadutsa ndi zigubu zopanda kanthu. Mwalamulo chitsimecho n'cha mwini poloti. Komabe madzi a pansi sadziwa malire a poloti: amene akukwera m'thanki yake akuchokera pansi pa nyumba za anzakenso. Mu Luka 10, katswiri wa malamulo anafuna kuuzidwa kuti mnansi wake ndani, koma Yesu anatembenuza funsolo n'kufunsa amene anachita zaumnansi. Chisilamu, chomwe chili ndi otsatira ambiri mu Chipata, nachonso chimawerengera ufulu wa woyandikana naye pakati pa maudindo akuluakulu a wokhulupirira.

Mipingo inaona msanga kuti tauni imabalalitsa anthu. Kuyambira 1973 maepiskopi a Katolika a m'bungwe la AMECEA analimbikitsa miphakati, magulu aang'ono a akhristu oyandikana omwe amasonkhana m'nyumba mosinthana, ndipo mipingo ina ili ndi magulu ake a m'madera. Magulu amenewa amatsegulitsa mageti, amazonda odwala, amagonera pamaliro ndi kusonkha ufa ndi nkhuni. Koma amafikira makamaka a mpingo umodzi. Mlonda wa pageti loyandikana, wobwereka chipinda kuseri, ndi banja la m'mudzi limene munda wake unadulidwa mapoloti, nthawi zambiri sali m'kaundula wa gulu lililonse, ndipo kuwadziwa kumatsalira mwininyumba yekha.